Tsamba la Tiyi, Mfuu ya Maselo ndi Nkhondo Yolimbana ndi Khansa

Pulogalamu ya maphunziro a zaumoyo ndi sayansi, yokonzedwera omvera a m'dera la Mfumu Chimaliro ndi midzi yozungulira maesiteti a tiyi m'boma la Thyolo

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA:

Pulogalamu ya lero ikufotokoza mmene maselo, omwe ndi tizigawo tamoyo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi la munthu, amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito banja la makemikolo lotchedwa mapyurini, komanso mmene chotupa cha khansa chimapotozera mauthengawo kuti asilikali a m'thupi achisiye chikule. Ngakhale kuti nkhaniyi imakambidwa kwambiri m'malabotale a ku Ulaya, ku America ndi ku Australia, muzu wake umodzi uli m'tsamba lomwe anthu a kwa Chimaliro amalidziwa bwino kuposa masamba ena onse, pakuti kafeini, yemwe amapezeka mu tiyi, ndi wa m'banja lomweli la mapyurini, ndipo anali m'gulu la zida zomwe akatswiri anayesera nazo kudzutsa chitetezo cha m'thupi chomwe khansa inachigonetsa.

(Kanyimbo kolekanitsa)

GAWO LOYAMBA: BANJA LA MAPYURINI

Ulimi wa tiyi wogulitsa unayamba ku Mulanje m'chaka cha 1891 pamene Henry Brown anabzala mbewuyi kumeneko, ndipo pambuyo pake unafika ku Thyolo, komwe maesiteti monga Satemwa, yomwe Maclean Kay anaikhazikitsa mu 1923, akupitirizabe ntchitoyi. Wothyola tiyi aliyense amaphunzitsidwa kutenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, ndipo m'gawo lanthete lomweli ndi momwe kafeini amachuluka kuposa m'masamba okhwima a m'munsi, chifukwa mtengo wa tiyi umamugwiritsa ntchito podziteteza ku tizilombo tomwe timakonda kudya nsonga.

Kafeini anapatulidwa koyamba ku nthanga za khofi ndi katswiri wa ku Germany, Friedlieb Ferdinand Runge, cha m'ma 1819, ndipo mu 1888 Albrecht Kossel anapeza m'masamba a tiyi kemikolo ina yofanana naye, theophylline, yomwe dzina lake limatanthauza tsamba la tiyi, ndipo ndiyo maziko a aminophylline, mankhwala omwe akhala akuperekedwa kwa odwala mphumu ndi kwa ana obadwa masiku asanakwane omwe amadukiza kupuma. Emil Fischer, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1902, ndiye anasonyeza kuti makemikolo amenewa anamangidwa pa chimango chimodzi, chomwe anachitcha purine, ndipo chimango chomwechi chimapezekanso m'thupi la munthu aliyense, m'makemikolo awiri omwe ali pamtima pa nkhani ya lero, adenosine ndi ATP.

ATP ndi adenosine yemwe walumikizidwa ndi timagulu titatu ta fosifeti, fosifeti yemweyo amene alimi amamudziwa kuchokera ku feteleza. Kemikolo imeneyi inapezedwa mu 1929, ndipo ntchito yake yodziwika kwambiri ndi kunyamula mphamvu m'kati mwa selo: chakudya chikagayidwa, mphamvu yake imasungidwa mu ATP, ndipo selo likafuna kugwira ntchito limadula fosifeti mmodzi n'kutenga mphamvuyo, kenako n'kumulumikizanso. Kudula ndi kulumikizaku kumachitika mobwerezabwereza kwambiri, moti ATP yemwe thupi la munthu wamkulu limamugwiritsa ntchito pa tsiku amayandikira kulemera kwa munthuyo. Mfundo yofunika kuigwira ndi yakuti, m'thupi lathanzi, ATP amadzaza m'kati mwa maselo koma kunja kwake amapezeka wochepa zedi, kotero kuti akangochuluka kunja, thupi limadziwa kuti selo lina lang'ambika.

(Kanyimbo kolekanitsa)

GAWO LACHIWIRI: UTHENGA NDI ZOLANDIRIRA ZAKE

M'chaka chomwecho cha 1929, Alan Drury ndi Albert Szent-Györgyi, pogwira ntchito ku Cambridge, anaona kuti adenosine akalowa m'magazi a nyama, mtima umachepetsa liwiro ndipo mitsempha ya magazi imatakasuka, zomwe zinasonyeza kuti makemikolo amenewa amachitanso kanthu ali kunja kwa selo. Komabe amene anaikulitsa nkhaniyi ndi Geoffrey Burnstock, mbadwa ya ku London yemwe ankaphunzitsa pa University of Melbourne ku Australia, yemwe mu 1972 analemba kuti minyewa ina ya m'matumbo ndi m'chikhodzodzo imagwiritsa ntchito ATP potumiza uthenga, ndipo njira imeneyi anaitcha purinergic, kutanthauza yoyendetsedwa ndi mapyurini. Akatswiri anzake ambiri anamutsutsa kwa zaka pafupifupi 20, poganiza kuti chinthu chopezeka m'selo lililonse sichingakhale mthenga, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pamene zolandirira za uthengawo zinadziwika mmene zinapangidwira.

Cholandirira, chomwe m'Chingerezi chimatchedwa receptor, ndi puloteni yokhala pakhungu la selo, yomwe maumbidwe ake amalola kemikolo ya mtundu umodzi kukhalapo, monga mmene kiyi amalowera m'loko wake yekha. Kemikoloyo ikakhalapo, selo limasintha zochita zake. Mu 1978 Burnstock anagawa zolandirira za mapyurini m'magulu awiri, gulu la P1 lomwe limamva adenosine ndi gulu la P2 lomwe limamva ATP ndi abale ake. Lero zikudziwika kuti gulu la P1 lili ndi zolandirira 4, zomwe ndi A1, A2A, A2B ndi A3, pamene gulu la P2 lili ndi nthambi ziwiri, P2X yokhala ndi mitundu 7, yomwe imatsegula kabowo pakhungu la selo kuti michere ilowe ndi kutuluka, ndi P2Y yokhala ndi mitundu 8, yomwe imapereka uthengawo kwa mapuloteni ena a m'kati.

Aliyense amene anamwapo tiyi kuti athamangitse tulo anakhudzapo zolandirira zimenezi. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, adenosine amaunjikana mu ubongo n'kukhala pa zolandirira za A1 ndi A2A, ndipo zotsatira zake ndi kulemera kwa zikope ndi kufooka kwa maganizo. Kafeini, popeza amafanana ndi adenosine m'maumbidwe, amalowa m'loko yemweyo koma samutsegula, kotero amangotsekereza mwini malo, ndipo ndi chifukwa chake mlonda wa pa esiteti amene wamwa tiyi wamphamvu amatha kuchezera mpaka mbandakucha. Adenosine, mwachidule, ndi uthenga wouza maselo kuti apume, ndipo si ubongo wokha womwe umamva uthengawu, pakuti asilikali a m'thupi nawonso ali ndi cholandirira cha A2A.

(Kanyimbo kolekanitsa)

GAWO LACHITATU: CHITETEZO CHA M'THUPI NDI KHANSA

Khansa imayamba pamene selo la m'thupi lawonongeka malangizo ake a chibadwa n'kuyamba kuchulukana mopanda malire. Maselo otere nthawi zambiri amakhala ndi zizindikiro zachilendo pakhungu pawo, ndipo asilikali a m'thupi, makamaka maselo a T a mtundu wa CD8 ndi maselo otchedwa NK, amatha kuwazindikira ndi kuwapha, mothandizidwa ndi maselo a CD4 omwe omvera ambiri anawadziwa kudzera m'maphunziro a HIV. Boma la Thyolo lili ndi umboni wake wa zimenezi: pamene HIV inafoola chitetezo cha anthu ambiri, khansa ya pakhungu ya Kaposi, yomwe imayambitsidwa ndi kachilombo ka HHV-8, inachuluka kwambiri, ndipo ma ARV atayamba kuperekedwa m'bomali mu 2003, mogwirizana pakati pa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, azachipatala kuno ndi kwina konse anaona kuti mwa odwala ena omwe matendawa anali asanafalikire, mabanga a Kaposi ankachepa chitetezo chikabwerera, ngakhale kuti ambiri ankafunikabe mankhwala a khansa.

Chithandizo cha khansa chodalira chitetezo cha m'thupi, chomwe m'Chingerezi chimatchedwa immunotherapy, chimachokera pa mfundo imeneyi, yakuti m'malo mopha maselo a khansa mwachindunji, madokotala angathe kupatsa mphamvu asilikali a wodwalayo kuti agwire okha ntchitoyo. Chitsanzo chakale ndi katemera wa BCG, yemwe amasiya chipsera pamkono wa ana ambiri olandira katemera wa chifuwa chachikulu, ndipo kuyambira mu 1976 wakhala akuthiridwa m'chikhodzodzo pochiza mtundu wina wa khansa ya m'menemo. Kusintha kwakukulu kunabwera pamene James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan anasonyeza kuti maselo a T ali ndi mabuleki, otchedwa CTLA-4 ndi PD-1, omwe thupi limawagwiritsa ntchito kuti asilikali asapitirire malire n'kuyamba kuwononga ziwalo zabwino, ndi kuti khansa imaphunzira kuponda mabulekiwo. Mankhwala omasula mabulekiwa anavomerezedwa ku America, ipilimumab mu 2011 ndipo pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014, ndipo akatswiri awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2018.

Vuto lomwe linatsala ndi lakuti odwala omwe amathandizika ndi mankhwala amenewa, pa mitundu yambiri ya khansa, ndi ochepa poyerekeza ndi omwe sathandizika, zomwe zinasonyeza kuti chotupa chili ndi njira zinanso zofoolera asilikali. Imodzi mwa njira zazikulu zoterozo ndi ya adenosine.

(Kanyimbo kolekanitsa)

GAWO LACHINAYI: MMENE MFUU IMASANDUKIRA TULO

Selo likavulala kapena likamafa, ATP wake amatayikira kunja, ndipo kwa chitetezo cha m'thupi zimenezi zili ngati mfuu ya usiku yomwe imadzutsa mudzi wonse. Maselo oyera omwe ali pafupi amamva ATP kudzera m'cholandirira cha P2Y2 n'kulondola komwe akuchokera, pamene maselo ena otchedwa dendritic, omwe ntchito yawo ndi kutola zidutswa za mdani n'kukazionetsa kwa maselo a T kuti amudziwe, amamumva kudzera mu P2X7. Cholandirira cha P2X7 chikatseguka, m'kati mwa selo mumadzuka gulu la mapuloteni lotchedwa NLRP3, lomwe limatulutsa mthenga wina, interleukin-1 beta, amene amathandiza kukonzekeretsa maselo a CD8 kuti akamenye nkhondo. Mu 2009 gulu la akatswiri a ku France lotsogoleredwa ndi Laurence Zitvogel ndi Guido Kroemer linasonyeza kuti mankhwala ena a khansa, kuphatikizapo a m'gulu la doxorubicin, yemwe amagwiritsidwanso ntchito m'zipatala zazikulu za m'Malawi, amagwira bwino ntchito mwa zina chifukwa maselo omwe awapha amatulutsa ATP, ndipo mbewa zopanda P2X7 sizinkathandizika mofanana ndi zinzake. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, gulu la Francesco Di Virgilio la ku Ferrara, m'dziko la Italy, linali litayeza ATP m'zotupa za mbewa zamoyo n'kupeza kuti ndi wochuluka kwambiri, pamene m'minofu yabwino sankaoneka n'komwe.

Funso lomwe likubuka ndi lakuti, ngati chotupa chadzaza ndi mfuu yotere, n'chifukwa chiyani asilikali sachimaliza? Yankho lili pa ma enzaimu awiri, kutanthauza mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa makemikolo, omwe amakhala pakhungu la maselo ndipo amatchedwa CD39 ndi CD73, maina ochokera mu ndondomeko yomweyo ya manambala yomwe inapereka dzina la CD4. Monga mmene wothyola tiyi amatengera masamba awiri ndi kansonga, CD39 amathyola mafosifeti awiri pa ATP, ndipo CD73 amathyola wachitatu wotsalayo, kotero kuti chomwe chimatsala ndi adenosine yekha. Ndi masitepe awiri okhawa, uthenga woitana asilikali umasanduka uthenga wowauza kuti agone.

M'thupi lathanzi dongosolo limeneli ndi labwino ndiponso lofunika, chifukwa bala silingapole ngati nkhondo ya asilikali siitha, ndipo kutupa kosalekeza kumawononga mapapo, chiwindi ndi ziwalo zina. Chotupa cha khansa sichipanga njira yatsopano ayi, koma chimalanda njira yomwe thupi linaikonza kuti mabala azipola. Popeza chimakula mofulumira kuposa mitsempha ya magazi yochidyetsa, m'kati mwake mumasowa mpweya wa okosijeni, ndipo kusowa kwa mpweyaku kumadzutsa puloteni yotchedwa HIF-1 alpha, yomwe imalamula maselo kupanga CD39 ndi CD73 wochuluka ndi kuchepetsa njira zobwezera adenosine m'kati mwa selo. Kufotokoza mmene maselo amamvera kuchepa kwa okosijeni ndi komwe kunapezetsa William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza mphoto ya Nobel mu 2019.

Adenosine akakhala pa cholandirira cha A2A cha selo la T kapena la NK, m'kati mwa selolo mumachuluka kemikolo yotchedwa cyclic AMP, ndipo zotsatira zake ndi zakuti selolo limachepetsa kuchulukana, limachepetsa kutulutsa interferon gamma ndi zida zina zophera, komanso limaonjezera mabuleki a PD-1 ndi CTLA-4 pakhungu pake. Nthawi yomweyo maselo a T oletsa anzawo, omwe ntchito yawo ndi kuziziritsa chitetezo, amalimbikitsidwa, ndipo mu 2007 akatswiri a ku Boston anasonyeza kuti m'mbewa maselo oletsawa amanyamula okha CD39 ndi CD73, kotero amapanga adenosine paliponse pomwe afika. Cholandirira cha A2B, chomwe chimadzuka adenosine akachuluka kwambiri, chimasintha maselo ena oyera kuti akhale othandiza chotupa, ndipo chimalimbikitsa kumera kwa mitsempha yatsopano ya magazi yochidyetsa. Kukula kwa mphamvu ya makemikolo amenewa pa chitetezo kunaoneka kale mu 1972, pamene Eloise Giblett wa ku Seattle anapeza kuti ana obadwa opanda enzaimu yophwanya adenosine, yotchedwa adenosine deaminase, amakhala pafupifupi opanda asilikali a m'thupi, chifukwa adenosine ndi abale ake amaunjikana n'kuwononga maselowo.

(Kanyimbo kolekanitsa)

GAWO LACHISANU: UMBONI WA M'LABOTALE NDI WA M'CHIPATALA

Mu 1997 Jonathan Blay ndi anzake a pa Dalhousie University ku Canada anayeza madzi a pakati pa maselo a zotupa n'kupeza adenosine wokwanira kufoola asilikali a m'thupi. Mu 2001 Akio Ohta ndi Michail Sitkovsky anasonyeza kuti mbewa zobadwa zopanda cholandirira cha A2A zimatupa ndi kuwonongeka ziwalo kwambiri zikakumana ndi chinthu chodzutsa chitetezo, umboni wakuti A2A ndi buleki yachilengedwe. Mu 2006 akatswiri omwewa anabzala zotupa m'mbewa za mitundu iwiri, ndipo mwa mbewa 100 zilizonse zopanda A2A, pafupifupi 60 zinathetsa zotupazo, pamene mwa mbewa wamba panalibe ngakhale imodzi yomwe inatero. M'kafukufuku yemweyo anapatsa mbewa zina mankhwala otseka A2A, kuphatikizapo kafeini, pamodzi ndi maselo a T okonzedwa kulimbana ndi chotupacho, ndipo anapeza kuti maselowo anagwira ntchito bwino kuposa pamene anaperekedwa okha. Mu 2010 John Stagg ndi Mark Smyth, ku Melbourne, anasonyeza kuti kutseka CD73 kumachepetsa kukula ndi kufalikira kwa khansa ya m'mawere m'mbewa.

Kuchokera pamenepo makampani opanga mankhwala anatsata njira zitatu, yotseka CD39 kuti mfuu ya ATP ikhalitse, yotseka CD73 kuti adenosine asapangidwe, ndi yotseka zolandirira za A2A ndi A2B kuti asilikali asamve uthenga wa tulo. Zotsatira zake mwa anthu zakhala zocheperapo kuposa za m'mbewa. Pa kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2020, wa odwala 68 a khansa ya impso omwe mankhwala ena anali atalephera, ciforadenant, yemwe amatseka A2A, anachepetsa chotupa moonekeratu mwa wodwala mmodzi pa odwala 33 omwe analandira mankhwalawa okha, ndi mwa odwala 4 pa 35 omwe anawalandira pamodzi ndi atezolizumab, mankhwala omasula mabuleki a chitetezo. Pa kafukufuku wotchedwa COAST, wa odwala 189 a khansa ya m'mapapo, yemwe anasindikizidwa mu 2022, chotupa chinachepa mwa odwala pafupifupi 18 pa 100 alionse omwe analandira mankhwala omasula mabuleki otchedwa durvalumab okha, ndi mwa odwala 30 pa 100 alionse omwe anaonjezeredwa oleclumab, mankhwala otseka CD73, ndipo zimenezi zinachititsa kuti kafukufuku wamkulu wotchedwa PACIFIC-9 ayambike. Pofika mu 2024 panalibe mankhwala a gulu limeneli omwe anali atavomerezedwa kuchizira khansa, ngakhale kuti istradefylline, yemwe amatsekanso A2A, anavomerezedwa ku Japan mu 2013 ndi ku America mu 2019 pothandiza odwala matenda onjenjemeretsa a Parkinson.

Zifukwa za kuchepa kwa zotsatirazi zikudziwika ndithu. Adenosine wa m'chotupa amakhala wochuluka kwambiri moti mankhwala ofooka amalephera kumulanda malo. Chotupa chili ndi ma enzaimu ena opangira adenosine CD73 akatsekedwa. Zotupa zimasiyana, ndipo si zonse zomwe zimadalira njira imeneyi, kotero pakufunika njira yodziwira wodwala amene angathandizike. Komanso cholandirira cha P2X7 chili ndi nkhope ziwiri, pakuti pa maselo a dendritic chimadzutsa chitetezo, koma pa maselo ena a khansa chimathandiza kukula ndi kufalikira.

(Kanyimbo kolekanitsa)

GAWO LOMALIZA: TANTHAUZO LAKE KWA ANTHU A KWA CHIMALIRO

Mfundo yoyamba yomwe iyenera kumveka bwino ndi yakuti tiyi si mankhwala a khansa. Kapu ya tiyi imakhala ndi kafeini wa mamiligalamu apakati pa 30 ndi 50, wokwanira kuchotsa tulo koma wosakwanira kugonjetsa adenosine wodzaza m'chotupa, ndipo kafeini amatseka zolandirira zingapo nthawi imodzi, moti kumuchulukitsa kumangobweretsa kuthamanga kwa mtima, kunjenjemera ndi kusowa tulo. Mbewa za m'kafukufuku wa 2006 zinathandizika ndi maselo a T olimbana ndi chotupa, ndipo kafeini ankangowathandizira. Wina aliyense wogulitsa masamba, ufa kapena zakumwa ponena kuti zimakweza chitetezo n'kuchiza khansa akuchedwetsa wodwala kupita komwe angathandizidwe, ndipo pa matenda amenewa miyezi yotayika sibwerera.

Mfundo yachiwiri ikukhudza kamwedwe ka tiyi. Malawi ali m'gulu la maiko omwe khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mu 2016 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, inalengeza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zingayambitse khansa imeneyi, chifukwa zimawaula khungu la m'kati mwa mmero mobwerezabwereza. Kafukufuku wotchedwa ESCCAPE, yemwe anachitika ku Blantyre ndi kumpoto kwa Tanzania ndipo zotsatira zake pankhaniyi zinasindikizidwa mu 2022, anapeza kuti anthu omwe amamwa tiyi ndi phala zikadali zotentha kwambiri, mofulumira, ndiponso omwe amapsa m'kamwa kawirikawiri, ali pachiopsezo chachikulu kuposa anzawo. Cholakwa si tsambalo koma kutentha kwake, ndipo kudikira mphindi zochepa kuti tiyi azizireko sikufuna ndalama.

Mfundo yachitatu ndi yakuti, ngakhale mankhwala omasula mabuleki a chitetezo ndi okwera mtengo kwambiri moti odwala wamba sangawafikire, njira zina zogwiritsa ntchito chitetezo cha m'thupi polimbana ndi khansa zilipo kale m'dziko muno, ndipo ndi zaulere. Malinga ndi chiwerengero cha IARC cha mu 2020, amayi oposa 4,000 a m'Malawi amapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 2,900 amamwalira nayo, pamene katemera wa HPV, yemwe anayesedwa koyamba ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013 n'kufalitsidwa m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9, amaphunzitsa asilikali a m'thupi kudziwa kachilombo koyambitsa khansayi kasanalowe. Amayi omwe ali ndi HIV ali ndi chiopsezo cha khansa imeneyi chowirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi, kotero kumwa ma ARV mokhulupirika ndi kuyezetsa khomo la chiberekero pa nthawi yake ziyenera kuyendera limodzi. Kuyezaku kumachitika pa chipatala cha boma cha Thyolo, pa chipatala cha Malamulo ku Makwasa ndi m'zipatala zina, ndipo opezeka ndi khansa amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe kuyambira mu 2018 kuli ntchito yapadera yothandiza amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, kapena ku chipatala cha khansa cha dziko lonse chomwe chili pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Mfundo yachinayi ikupita kwa ophunzira. Kafukufuku wambiri wa njira ya adenosine wachitika pa khansa ya m'mapapo, ya impso ndi ya m'mawere mwa anthu a maiko olemera, pamene khansa zomwe zikuvutitsa Amalawi, monga ya khomo la chiberekero, ya kummero, ya Kaposi ndi ya Burkitt yomwe imagwira ana, zambiri mwa izo zimayenderana ndi tizilombo ndi HIV, zomwe nazonso zimasintha mmene asilikali a m'thupi amagwirira ntchito. Mafunso okhudza odwala a kuno adzayankhidwa bwino ndi akatswiri ogwira ntchito pakati pa odwalawo, ndipo Malawi University of Science and Technology, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma lomwe lino, pamodzi ndi Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, ndi makomo omwe mwana wa wothyola tiyi wolimbikira Biology ndi Chemistry angalowere m'ntchito imeneyi.

Pulogalamu ino ikupempha makolo a kwa Chimaliro kuti aonetsetse kuti ana awo aakazi alandira katemera wa HPV, ikupempha amayi kuti akayezetse khomo la chiberekero asanamve kupweteka kulikonse, ndipo ikupempha omwe ali pa ma ARV kuti asadumphitse. Aliyense amene akuvutika kumeza, amene waona chotupa chosaphwa, mabanga akuda otukuka pakhungu kapena m'kamwa, ngakhalenso magazi otuluka pa nthawi yosayenera, apite kuchipatala sabata yomweyo, chifukwa khansa yopezeka msanga ndiyo imachizika.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu)